Funsani Makaniko: mabuleki achilendo aja, angatithandize kuno kunyanja?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera okhudza mabuleki a njinga zamoto, ena pa WhatsApp ena anachita kundipeza pa galaja, ndiye ndasankhapo amene ndikuona kuti yankho lake likhudza anthu ambiri. Mayina sindilemba monga mwa masiku onse.

FUNSO: A Makaniko, ine ndimapanga kabaza pa Kamuzu Road, njinga yanga ndi ya 150 ya ku China. Mnzanga wina pa siteji anandionetsa vidiyo ya njinga ina yakunja, disiki yake yakutsogolo siili pakati pa teyala ngati zathuzi koma ndi chachikulu chozungulira limu yonse, eti akuti imeneyo ukangokhudza pang'ono imaima pompo. Kodi nzoona? Ndipo ngati nzoona owotcherera sangandipangire? Chifukwa yangayi ndikanyamula munthu ndi thumba la mpunga buleki imachita ngati palibe. Wakabaza, Salima.

YANKHO: Achimwene, njinga mwaionayo ndi yeniyeni, sizopanga pa kompyuta ayi. Mmene mwafotokozeramo imeneyo ndi Buell ya ku America. Amene anatchukitsa nzeru imeneyi ndi Erik Buell, injiniya amene anagwirapo ntchito ku Harley-Davidson kenako nkuyambitsa kampani yakeyake, ndipo buleki imeneyi inatchuka pa njinga yotchedwa XB9R Firebolt imene inatuluka mu 2002. Munthu ameneyu sankaganiza ngati anzake ndithu, pa njinga yomweyo petulo anamuika mkati mwa felemu ndipo oyilo wa injini anamuika mkati mwa chitsulo chogwira teyala lakumbuyo chija. Buleki yakeyo anaitcha ZTL, disiki ndi imodzi yokha ya 375 mm yomangidwira ku limu, ndipo caliper yake, chitsulo chija chofinya disiki ndi mapadi, ndi ya mapisitoni 6 ndipo imagwira disikiyo kuchokera mkati osati kunja. Kuti muone kukula kwake, madisiki a njinga zathu za kabaza amakhala cha m'ma 240 mm ndipo madiramu ambiri ndi a 130 mm basi.

Nzeru yake ndiyomveka ndipo ine ndimaisirira. Pa njinga yanuyo mukagwira buleki, chimene chagwidwa ndi pakati pa teyala, pa habu, ndiye mphamvu yonse ija imayenera kudutsa m'masipoko kuti ikafike ku limu kenako ku teyala, nchifukwa chake habu ndi masipoko ziyenera kukhala zolimba, ndipo cholimba chimakhala cholemera. Buell anati bwanji tingogwira kufupi ndi teyala komweko. Nzimene imachita njinga yakapalasa, timalabala tija timafinya limu mwachindunji. Ukagwira kutali ndi pakati mphamvu yochepa imachita zambiri, ndiye disiki imodzi inkagwira ntchito imene njinga zina zothamanga zimafuna madisiki awiri, masipoko nkukhala opyapyala, gudumu lonse nkupepuka, ndipo gudumu lopepuka limatsatira bwino mabampu, silidumphadumpha, limakhala pansi nthawi yambiri.

Koma onani, zaka zoposa 20 zadutsa ndipo Honda, Yamaha, Suzuki, Kawasaki, BMW, onsewa sanatsatire, njinga zawo zothamanga zikadali ndi madisiki awiri pa habu. Pa mipikisano, pamene munthu amagwira buleki mwamphamvu kona iliyonse, disiki imodzi ndi mapadi ake zimasenza kutentha konse zokha pamene kwa anzawo kumagawidwa pawiri. Harley-Davidson inatseka Buell mu 2009, osati chifukwa cha buleki ayi, zinali za ndalama, koma kuchokera pamenepo bulekiyi imadziwikabe makamaka ndi dzina la Buell.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mwezi umodzi mumagunda maenje angati pa M5 kupita ku Khombedza kapena ku Thavite? Limu yanu ikapindika pang'ono lero mumayendabe mpaka mutapeza ndalama, koma disiki itakhala yomangidwira ku limuyo nayonso yapindika tsiku lomwelo, ndipo disiki yopindika imakankha mapadi nkumagwira-kusiya, gwira-kusiya, handulo nkumanjenjemera. Chinanso ili pafupi kwambiri ndi pansi. Mchenga wa ku Senga Bay kapena matope a ku Lifuwu nthawi ya dzinja, chinthu choyamba kumira chikhala buleki yanuyo, mchenga ukalowa pakati pa padi ndi disiki umadya zonse ziwiri.

Za owotcherera, chonde musayerekeze. Disiki imayenera kuzungulira mowongoka kwambiri, kulakwika kololedwa sikufika ngakhale theka la milimita imodzi, ndipo ya Buell siyowotcherera, imakhala pa mabawuti amene amaipatsa mpata wofufuma ikatentha. Limu yanu ndi mashoku anu akutsogolo sanapangidwire mphamvu imeneyo. Komanso buleki imangoimitsa gudumu, choimitsa njinga ndi teyala pamene lakhudza pansi, kamalo kosaposa chikhatho chanu, ndiye buleki yamphamvu pa teyala lakutha kapena louma ngati pulasitiki mapeto ake teyala limaloka inu nkugwa. Vuto mwanenalo, loti ikalemedwa siigwira, nthawi zambiri ndimapeza kuti mashuzi a m'diramu anatha, kapena anayerera nkumanyezimira, kapena kebulo inatamuka ndipo ikugwiragwira mkati chifukwa cha dzimbiri. Zimenezi mtengo wake sufika ngakhale ndalama ya masiku ochepa a pa siteji. Ndipo thumba la mpunga la 50 kg ndi munthu pamwamba pake, liwiro lichepe basi, palibe buleki ingasinthe zimenezo.

FUNSO: Ine ndimagula nsomba ku Chia nkumakagulitsa m'midzi ya kumtunda. Nthawi ya mvula ndikaoloka timadzi buleki zonse zimasowa kwa kanthawi, tsiku lina ndinatsala pang'ono kulowa m'gulu la ng'ombe. Njinga yanga ndi ya diramu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Wina anandiuza kuti kuli madisiki otsekeredwa mkati osalowa madzi, kodi amapezeka? Kapena ndingosinthitsa ndiike disiki wamba? Wa geni ya nsomba, Nkhotakota.

YANKHO: Bambo, amene anakuuzaniyo sananame, zinaliko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Honda inatulutsa njinga ngati CBX550F, VT250F ndi VF400F zimene disiki yake inali yobisika mkati mwa chivindikiro, ukaiona patali umangoti ndi diramu. Chifukwa chake chinali mvula yomweyo. Kuyambira pa CB750 ya 1969, imene inatchukitsa disiki pa njinga zamoto, madisiki ambiri a ku Japan anali a chitsulo chosachita dzimbiri, chooneka bwino koma ndi mapadi a nthawi imeneyo chikanyowa chinkachedwa kugwira. Chitsulo cha cast iron chimagwira bwino koma chimachita dzimbiri chikangonyowa usiku umodzi, nkumaoneka moipa. Ndiye Honda inati tiike cast iron koma tiibise. Inkagwira bwino ndithu. Koma kusintha mapadi kapena kuchotsa teyala inali ntchito yotopetsa, kutentha sikunkatuluka msanga, ndipo mapadi abwino osaopa madzi atayamba kupezeka chifukwa chobisira disiki chinatha, patangopita zaka zochepa anazisiya. Lero simungaipeze pa njinga yatsopano, ndipo sipeya zake ngakhale ku Lilongwe mungavutike.

Zimene zikukuchitikiranizo ndi khalidwe la diramu. Diramu imateteza bwino ku fumbi ndi matope owaza, nchifukwa chake Yamaha AG200 ija alangizi a zaulimi akhala akuyendera m'midzimu ili ndi diramu mbali zonse ndipo tcheni chake nchotsekera, anaipangira kumunda. Koma siyotsekeka ngati botolo, habu ikamira madzi amalowa ndipo akalowa amachedwa kutuluka, amakhala pakati pa mashuzi ndi chitsulo. Disiki imanyowa msanga koma imaumanso msanga, gudumu likazungulira kangapo mapadi apukuta kale.

Ndiye chochita chilipo chosalira ndalama. Mukangotuluka m'madzi musathamange, khalani mu giya 1 kapena 2, pondani buleki yakumbuyo pang'ono uku mukuyenda, gwiraninso yakutsogolo pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, muzimva zikuyamba kubwerera, kutentha kuja kumaumitsa. Muchite zimenezi nthawi iliyonse ngakhale timadzi tikhale tochepa. Samalaninso m'mawa njinga ikagona yonyowa, kadzimbiri kamene kamapangika mkati kamachititsa kuti buleki yoyamba igwire mwadzidzidzi. Ndipo inu a nsomba muli ndi vuto lina, madzi otsika m'dengu kapena m'bokosi la ayisi amadonthera pa habu yakumbuyo ulendo wonse, ndiye muzitsegulitsa diramu yakumbuyo pafupipafupi, apukute, apake girizi pang'ono pa kachitsulo kotembenuza mashuzi kaja, pang'ono zedi kuti asafike pa mashuzi.

Kusinthitsa nkuika disiki kumatheka ngati mtundu wa njinga yanu uli ndi ina yofanana nayo yobwera ndi disiki, mugule zonse pamodzi, gudumu, shoku yokhala ndi pomangira caliper, paipi ndi kabotolo ka pa handulo. Zowotcherera pomangira caliper pa shoku ya diramu ayi. Kwa munthu wooloka madzi tsiku ndi tsiku ine ndimati disiki kutsogolo, diramu kumbuyo, ndiye kuphatikiza kwabwino, bola muziyang'ana mapadi chifukwa mchenga wathu uno umawamaliza msanga.

FUNSO: A Makaniko zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Ine ndine mayi, ndili ndi njinga ziwiri zimene anyamata amandiyendetsera. Ndikufuna kugula yachitatu ndipo ndamva za njinga zolembedwa CBS, akuti ukaponda buleki imodzi zonse ziwiri zimagwira. Kodi nzothandiza kapena angofuna atidyere ndalama? Ndikufunsa chifukwa ndinapeza kuti mnyamata wanga wina anamasula dala buleki yakutsogolo, akuti imagwetsa. Mayi wa ku Dwangwa.

YANKHO: Mayi, kalata yanuyi ndi imene inandichititsa kuti mwezi uno ndilembe za mabuleki, chifukwa zimene wachita mnyamata wanuyo ndimaziona sabata iliyonse ndipo zimandipweteka mtima. Njinga imabwera pa galaja, shuzi yakumbuyo yatheratu mpaka chitsulo, yakutsogolo ikadali yatsopano ngati yangochoka mushopu, kebulo yake yomasula kapena anaichotseratu. Ukafunsa, yankho ndi lomwelo, yakutsogolo imagwetsa. Anyamata ambiri anaphunzirira njinga kwa mnzawo pa bwalo la mpira masana amodzi, ndipo mnzawoyo anawauza zimene nayenso anauzidwa.

Zoona zake nzakuti njinga ikamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, mumaona mashoku akutsogolo akutsika, ndiye teyala lakutsogolo limakanikizika pansi nkugwira kwambiri pamene lakumbuyo limapepuka nkuyamba kukhukhuluzika msanga. Pa tala wouma yakutsogolo imachita pafupifupi 70 pa 100 ya ntchito yoimitsa. Njinga ikanyamula munthu kumbuyo yakumbuyo imathandizako kwambiri, komabe yaikulu imakhalabe yakutsogolo. Ndiye munthu amene wamasula yakutsogolo wataya gawo lalikulu la buleki yake, mwana akadumphira mumsewu pa Dwangwa pamene pali mathirakitala a nzimbe ndi anthu piringupiringu, iyeyo aponda yakumbuyo, teyala lilira, njinga ipitabe. Chimene chimagwetsa sikuti ndi buleki yakutsogolo koma kuitswanya kamodzinkamodzi teyala lisanalemedwe, kapena kuigwira mwamphamvu handulo itakhota, kapena pa mchenga. Imafuna kufinya, kuyamba pang'ono nkumaonjezera.

CBS anaipangira anthu ngati mnyamata wanuyo. Sizatsopano ayi, Moto Guzzi ya ku Italy inayamba mu 1975, chopondera chimagwira disiki yakumbuyo ndi imodzi mwa ziwiri zakutsogolo, ya pa handulo nkumagwira inayo. Honda nayonso inaika zofanana pa Gold Wing mu 1983 ndipo kenako inazifalitsa mpaka pa njinga zing'onozing'ono. Pa njinga zazing'ono za diramu zimayenda mophweka, mukaponda chopondera chimakoka ndodo ya kumbuyo ndipo kachitsulo kena kogawa mphamvu kamakokanso kebulo yopita kutsogolo, mulibe zamagetsi mulibe kompyuta. Woyendetsa amene amangodziwa phazi lokha amapeza kuti njinga yaima pafupi kuposa kale iye osasintha chilichonse.

Ku India, kumene kumachokera Bajaj ndi TVS, boma linalamula kuti kuyambira mu April 2019 njinga iliyonse yatsopano yosapitirira 125cc ikhale ndi CBS kapena ABS, buleki yoletsa teyala kuloka, ndipo yopitirira pamenepo ikhale ndi ABS. Ku Ulaya nakonso kuyambira 2016 njinga zopitirira 125cc zinayamba kukakamizidwa ABS. Koma dziwani kuti lamulo la ku India ndi la njinga zogulitsidwa ku India konko, zotumiza kunja zimatha kubwera zopanda, ndiye musakhulupirire sitika yokha, muuzeni wogulitsa aimike njinga pa sitandi yapakati, wina aponde buleki yakumbuyo inu muyese kuzunguza teyala lakutsogolo ndi dzanja, ngati likulimba ndiye kuti ilipodi.

ABS ndi chinthu china, ambiri amasokoneza. Imeneyo inayamba pa njinga zamoto ndi BMW K100 mu 1988, ili ndi kachipangizo kowerenga mmene gudumu likuzungulirira, ikaona kuti latsala pang'ono kuloka imasiya nkugwiranso kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pa tala, makamaka wonyowa, palibe choiposa, imapulumutsa anthu ndithu. Koma imafuna disiki, batire labwino ndi mawaya osadukaduka, ndipo pa mchenga wambiri kapena miyala yotayirira nthawi zina imatalikitsa poimira, nchifukwa chake njinga zikuluzikulu zoyenda m'tchire zimakhala ndi pozimitsira. CBS siletsa teyala kuloka, imangogawa.

Zofooka za CBS zilipo ziwiri zimene ndikufuna muzidziwe musanagule. M'tinjira ta mchenga topita kunyanja pamene munthu amafuna yakumbuyo yokha, yakutsogolo imalowererapo, ngakhale kuti imalowa mochepa ndipo woyendetsa amazolowera. Chachiwiri ndi kutchuna, makaniko wosaidziwa akamanga nati yakumbuyo yokha kapena yakutsogolo yokha mwachisawawa kugawa kuja kumasokonekera, ndiye buku la njingayo mulisunge ndipo azitsatira mmene lanenera. Ngakhale zili choncho, pa mabuleki onse achilendo amene ndafunsidwa mwezi uno iyi ndi imene ndinganene mosazengereza kuti gulani, ngati kusiyana kwa mtengo mungakukwanitse. Njinga yanu imayendetsedwa ndi munthu amene inu simukumuona tsiku lonse.

Koma ziwiri muli nazozo musadikire. Mawa lomwe buleki yakutsogolo ibwezeretsedwe, ndipo muwatenge anyamatawo pa malo a tala opanda magalimoto, ajambule mzere pansi, abwere pa liwiro la 30 aime ndi yakumbuyo yokha, muike mwala pamene aimapo, abwerenso aime ndi zonse ziwiri mofinya, muikenso mwala. Akaona okha mpata wa pakati pa miyala iwiriyo simudzafunikanso kukangana nawo. Muwauzenso kuti liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, pa 60 si kawiri ka pa 30 ayi.

FUNSO: Ndinaona chithunzi cha njinga imene sipuloketi yakumbuyo ndi disiki ya buleki ndi chinthu chimodzi. Sizingachepetse mtengo wa sipeya? Wophunzira umakaniko, Chipoka.

YANKHO: Mphwanga, zimenezo amaika pa njinga zachionetsero ku America kuti mbali ina ya gudumu izioneka yopanda kanthu. Tcheni chimafuna oyilo, buleki imadana ndi oyilo, ndiye waziika pa chitsulo chimodzi. Kuno kumene tcheni timachithira oyilo wakuda wochoka mu injini mapadi anganyowe tsiku loyamba. Isiye, koma pitiriza kufunsa mafunso otere.

FUNSO: Bambo Makaniko, ndinachita ngozi chaka chatha ndipo phazi langa lamanja silipindika bwino pa kakolo, kuponda buleki kumandivuta. Njinga ndi imene imadyetsa banja langa, ndimaperekera katundu m'magolosale. Kodi basi ndisiye? Bambo wa ana anayi, Benga.

YANKHO: Pepani kwambiri bambo ndi zimene munakumana nazo. Musataye mtima, vuto lanuli linagwerapo munthu wina wotchuka ndipo njira inapezeka. Mick Doohan wa ku Australia anathyoka mwendo wamanja koopsa poyeserera mpikisano wa njinga zamoto ku Assen, dziko la Netherlands, mu 1992, mpaka madokotala anaganizapo zoudula. Atabwerera phazi silinkatha kuponda buleki, ndiye anamupangira kabatani kokankha ndi chala chachikulu cha dzanja lamanzere, pansi pa handulo, kogwira buleki yakumbuyo. Ndi buleki imeneyo anapambana ukatswiri wa dziko lonse wa 500cc kasanu motsatizana, 1994 mpaka 1998, ndipo lero othamanga ambiri a miyendo yabwinobwino amaigwiritsa ntchito mwa kufuna kwawo chifukwa pokhota kumanja njinga itagona phazi limasowa mpata.

Koma ndikuuzeni mosabisa, ya chala chachikuluyo imayenda ndi fuluwidi, mafuta a buleki aja, imafuna disiki kumbuyo. Pa diramu yokoka ndi ndodo chala chimodzi sichingakwanitse, mphamvu yake njochepa. Kwa inu njira zilipo zina. Yoyamba ndi sikuta, ilibe kilatchi ndipo buleki yakumbuyo ili kale ku dzanja lamanzere, phazi silichita kalikonse, kungoti mateyala ake aang'ono savomera bwino mchenga ndi maenje. Yachiwiri, imene ndikuona kuti ingakuyenereni, ndi njinga zija za 110 zosintha magiya ndi phazi lamanzere koma zopanda liva ya kilatchi, zamtundu wa Honda Cub, mateyala ake ndi aakulu ndipo dzanja lamanzere limakhala lopanda ntchito, ndiye makaniko wodziwa atha kuikapo liva ndi kebulo yolimba yopita ku diramu yakumbuyo. Pa njinga ya kilatchi zimathekanso kuika maliva awiri kumanzere koma zala zimachulukidwa ntchito, pa ngozi munthu amasokonezeka.

Chilichonse mungasankhe, kebulo ikhale yatsopano yochindikala, isakhote kwambiri panjira, ndipo muyambe mwayeserera pa malo opanda anthu mpaka dzanja lizolowere lokha. Phazi lomwelo ndi limene mumatsamira poima, ndiye kafunseni kuchipatala ngati lingasenze njinga yolemedwa, komanso kafunseni ku ofesi ya Road Traffic za kusinthako kuti mapepala anu ndi inshuwalansi zikhale bwino.

FUNSO: Ndimapita ku Lilongwe pa njinga kawirikawiri. Pobwerera, potsika mapiri aja kuchokera ku Mvera, buleki yakutsogolo imafewa mpaka liva kufika pa handulo, ndikaima kanthawi imabwerera. Anzanga akuti ndigule disiki yamanomano ija kapena ndiboole mabowo ambiri, wina akuti a mipikisano amagwiritsa ntchito ya kaboni yosatentha. Nditani? Mnyamata wa ku Nanjoka.

YANKHO: Achimwene, funso limodzi kaye, potsika pamenepo injini imakhala ikulira kapena mumazimitsa kuti musunge petulo? Ndikufunsa chifukwa ambiri pa M14 amatsika ili pa nyutirolo, ndikumvetsa mmene mafuta akudulira, koma mukatero ntchito yonse yogwira njinga, inuyo ndi katundu mwaisiyira kadisiki kamodzi mtunda wautali wotsetsereka. Buleki imagwira ntchito posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kukachuluka kumadutsa m'mapadi nkukafika ku fuluwidi. Fuluwidi wa mtundu wa DOT 4 watsopano amawira pa madigiri osachepera 230, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo kuno kunyanja chinyezi sichisowa, akakalamba amatha kuwira pa 155 pokha. Wa DOT 3 ndi 205 ali watsopano, 140 atayamwa madzi. Akawira mumapangika nthunzi, nthunzi imafinyika, nchifukwa chake liva imalowa yonse osagwira kanthu ndipo mukapuma imabwerera. Zimene mwafotokozazo ndi zimenezi ndendende, ndipo tsiku lina sidzakupatsani mpata woima.

Ndiye musanagule chilichonse sinthitsani fuluwidi yense, osati kungoonjezera, wa m'botolo losatsegula, mtundu umene walembedwa pa chivindikiro cha kabotolo ka pa handulo, ndipo muzitero zaka 2 zilizonse. Oyilo wa injini kapena wa mashoku asalowemo ngakhale dontho, amafufumitsa malabala amkati. Muonetsenso ngati mapisitoni a caliper akubwerera bwino, chifukwa yogwiragwira imatenthetsa disiki ngakhale musanaikhudze. Potsika khalani mu giya 3 kapena 2 injini izikugwirirani, buleki muzigwira mwamphamvu pang'ono nkusiya kuti ipume, osangoikhudza mofatsa njira yonse, ndipo zonse ziwiri zizithandizana.

Disiki yamanomano ili ndi ubwino wake, imapepuka pang'ono ndipo m'mphepete mwake mumapala matope pa mapadi, nchifukwa chake njinga za m'matope zimaikonda. Ngati ndi yopangidwira njinga yanu ndipo chitsulo chake nchabwino palibe choipa, koma siingachize fuluwidi wowira. Kuboola nokha ayi, mabowo a kufakitale amawayeza kuti disiki isalemere mbali imodzi, a pa galaja amayambitsa ming'alu, komanso mukachotsa chitsulo mwachepetsa chosunga kutentha, ndiye itentha msanga kuposa kale. Pa disiki iliyonse pamalembedwa kuchindikala kotsiriza kololedwa, pamakhala MIN TH ndi nambala, ikafika pamenepo isinthidwe.

Ya kaboni mnzanuyo wamva mbali imodzi. Amaigwiritsadi ntchito ku MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zopitirira 300 km pa ola, koma sikuti siitentha, imafuna kutentha kuti igwire, imayenda bwino kuyambira cha m'ma 200 mpaka 800 digiri, ikazizira siluma nkomwe. Inu mutachoka pa Nanjoka m'mawa mbuzi nkudutsa pa kona yoyamba, disiki imeneyo ikhala isanatenthe, ndipo mtengo wa imodzi yokha mungagulire njinga zingapo ngati yanuyo. Yambani ndi fuluwidi ndi giya, mukatsikanso ku Mvera mundilembere mmene liva yachitira.